Tsoka Limene Linanunkha: Phiri la Pelée ndi Mzinda wa Saint-Pierre

Pamaliro a munthu amene wafa mwadzidzidzi, akuluakulu amatonthoza anamfedwa ndi mwambi wakuti tsoka silinunkha. Amatanthauza kuti ngozi situmiza mthenga, ndipo ikadakhala ndi fungo ngati kanyimbi, munthu akadaimva ikali patali n'kupatuka. Ndi mwambi wachifundo, pakuti umachotsa mlandu pamutu pa womwalirayo ndi pa otsala omwe: palibe akadadziwa, choncho palibe woti n'kumuloza chala. Komabe pali nkhani ina ya kutali imene imauika mwambi umenewu pamayeso. M'chaka cha 1902, pa chilumba cha Martinique, tsoka linanunkha kwa milungu ingapo, anthu n'kumayenda mumsewu atatseka mphuno ndi mipango yonyowa, koma tsiku limene linafika linapeza anthu pafupifupi 28,000 ali mumzinda momwemo. Mdzukulu aliyense wokonda miyambi ayenera kudzifunsa kuti chinawagwira miyendo anthu amenewa n'chiyani, chifukwa sanali opusa, ndipo zingwe zimene zinawamanga zikumangabe anthu mpaka lero.

Chilumba ndi phiri lake

Martinique ndi chilumba chaching'ono cha m'nyanja ya Caribbean, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, ndipo m'litali mwake sichipitirira makilomita 80. Afalansa anafikako mu 1635 n'kumanga linga pamalo pamene panadzakhala mzinda wa Saint-Pierre. Kumeneko kumatentha chaka chonse ndipo mvula imagwa yambiri, motero nzimbe zimakondwa. Pofuna anthu olima nzimbezo, Afalansa anabweretsa akapolo ochokera ku Africa, ndipo ukapolowo unatha mu Meyi 1848 akapolo a ku Saint-Pierre atagalukira ambuye awo. Zidzukulu zawo ndizo zachuluka pachilumbapo, zimalankhula Chifalansa ndi Chikiliyo, ndipo Martinique ikadali mbali ya dziko la France.

Kumpoto kwa chilumbachi kuli phiri lotchedwa Montagne Pelée, kutanthauza phiri ladazi, popeza pansonga pake palibe mitengo ikuluikulu. Msinkhu wake ndi mamita pafupifupi 1,400, osafika ngakhale theka la nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, koma poti limayambira m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, limaoneka lalitali zedi, ndipo masiku ambiri mutu wake umakhala wobisika m'mitambo. Ili ndi phiri lophulika. Pansi pa nyanja kumeneko, chigawo cha nthaka chimene chanyamula Atlantic chimalowa pang'onopang'ono kunsi kwa chigawo cha Caribbean, miyala imasungunuka ndi kutentha, ndipo chosungunukacho chimafuna potulukira. Mapiri ena amatulutsa chiphalaphala chamadzimadzi ngati phala la mwana, chimene chimatsata zigwa mwakuti munthu angathe kuchiona n'kuchithawa. Cha Pelée n'cholimba ngati nsima yokhwima. Chimatseka kukamwa kwa phiri, mpweya wotentha n'kumaunjikana mkati ngati mumphika wovundikira kwambiri, kufikira tsiku limene chivundikirocho chilephera.

Phulusa la mapiri otere likawolerana limasanduka nthaka yachonde kwambiri. N'chifukwa chake anthu amamanga m'tsinde mwake, ndipo Saint-Pierre unali pa mtunda wa makilomita 7 okha kuchokera pansonga. Boma linali ku Fort-de-France, koma chuma ndi ulemerero zinali ku Saint-Pierre. Kunali nyumba zamiyala, tchalitchi chachikulu, nyumba ya zisudzo yokwana anthu 800, sukulu ya sekondale, mabanki, magetsi, lamya, ndi mafakitale otcheza kachasu wa nzimbe wotchedwa ramu. Madzi ozizira ochokera kuphiri ankayenda m'ngalande za m'mbali mwa misewu usana ndi usiku. Padoko pankaima sitima za mayiko osiyanasiyana zodzatenga shuga, ndipo alendo ankautcha mzindawu Paris wamng'ono. Pa masiku opuma achinyamata ankakwera phirilo kukadyera chakudya m'mbali mwa kanyanja ka pamwamba kotchedwa Lac des Palmistes. Kwa iwo Pelée anali ngati agogo ofatsa amene amangokhala pakhonde n'kumayang'anira mudzi.

Masiku a fungo

Kumayambiriro kwa 1902, anthu a m'mudzi wa Le Prêcheur, kumadzulo kwa phirilo, anayamba kumva fungo ngati la mazira owola, ndipo ziwiya zasiliva zinkada zokha m'nyumba chifukwa cha sulufule. Chakumapeto kwa Epulo nthaka inayamba kugwedezeka ndipo phulusa linayamba kugwa. Pa 27 Epulo, anthu amene anakwera kukaona anapeza kuti chigwa cha pamwamba chotchedwa Étang Sec, kutanthauza thamanda louma, chadzaza madzi, ndipo pambali pake pamera chulu chatsopano chotulutsa nthunzi. Usiku wa pa 2 Meyi phiri linabangula ngati mabingu, ndipo kutacha madenga, misewu ndi minda zinali mbuu ngati wina wawaza ufa. Mbalame zinkagwa zakufa, ziweto zinasowa msipu, ndipo anthu a m'midzi ya m'mbali mwa phiri anasenza akatundu awo n'kuthawira ku Saint-Pierre, poganiza kuti makoma amiyala awateteza. Motero m'malo mochepa, anthu mumzindamo anawonjezeka.

Pa 5 Meyi masana, khoma la thamanda lija linagumuka. Matope otentha osakanikirana ndi miyala ikuluikulu anatsika ndi mtsinje wa Rivière Blanche, monga mmene amachitira Napolo m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, ndipo anakwirira fakitale ya shuga ya Guérin pamodzi ndi anthu oposa 20, n'kungotsala chumuni chokha chikuonekera. Matopewo atalowa m'nyanja, madzi anabwerera m'mbuyo kenaka n'kudzasefukira m'misewu ya kumunsi kwa mzinda. Nthambo za telegalafu za pansi pa nyanja zinaduka. Pofika apa panalibe munthu akananena kuti sanachenjezedwe. Ena, makamaka amayi ndi ana a mabanja opeza bwino, anakwera timasitima topita ku Fort-de-France, koma unyinji unatsala.

Chimene chinawagwira miyendo

Chingwe choyamba chinali malo ofunda. Makolo anati pakadafunda padajiwitsa, ponena za galu amene anakana kuchoka pamalo ofunda mpaka mdani n'kumupeza pomwepo. Wamalonda anali ndi sitolo yodzaza katundu, ndipo ankaopa kuti akachoka mbala zimuyeretsa. Mwini fakitale anali pakati pa nyengo yodula nzimbe. Koma mwambi umenewu usagwiritsidwe ntchito mopanda chifundo, pakuti ambiri analibe kofunda kulikonse. Mayi wochapa zovala kumtsinje ndi bambo wonyamula matumba padoko analibe ndalama ya sitima, analibe mbale ku Fort-de-France, ndipo njira yapamtunda inali yaitali, yodutsa m'mapiri. Munthu wosauka sathawa yekha, amathawa ngati mfumu yalamula ndi kukonza kopita, ndipo lamulo lotero silinaperekedwe.

Chingwe chachiwiri n'chovuta kuchinena pamaso pa okonda miyambo, chifukwa chinali chikumbumtima cha akuluakulu. Phirili linatsokomolapo mu 1792 ndi mu 1851, ndipo nthawi zonse ziwiri linangolavula nthunzi ndi phulusa pang'ono n'kugonanso. Mu 1902 nkhalamba zimene zinaona za 1851 zinali zikadali moyo, ndipo zinkalimbitsa mtima ana awo kuti izi zinachitikapo kale, zidzatha zokha. Sizinkanama ayi, zinkanena zimene zinaona ndi maso. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo pa nkhani za ukwati, za kulima ndi za kukhala ndi anthu mwambiwu sulephera, chifukwa zinthu zimenezo zimabwerezabwereza pa moyo wa munthu mmodzi. Koma nkhalamba imakumbukira zaka 70 kapena 80, pamene phiri limawerenga zaka zake m'mazanamazana. Akatswiri atadzakumba nthaka pambuyo pake anapeza kuti Pelée anaphulikapo mwaukali kambirimbiri Afalansa asanafike, mpaka kukwirira midzi ya anthu akale. Eni chilumba a mtundu wa Carib anali atathamangitsidwa pofika 1660, ndipo nthano za makolo awo zinapita nawo limodzi. Mudzi umene wapirikitsa eni nthaka umataya ndi mbiri ya nthakayo.

Chingwe chachitatu chinali mawu a atsogoleri ndi a anthu ophunzira. Masiku amenewo chilumbachi chinali pakati pa chisankho cha phungu wopita ku nyumba ya malamulo ku Paris. Gawo loyamba linachitika pa 27 Epulo, lachiwiri linkayembekezeka pa 11 Meyi, ndipo mitima ya akuluakulu a mzinda inali kumeneko. Nyuzipepala ya mumzindamo, Les Colonies, inkauza anthu kuti asachite mantha, ndipo inkadabwa nawo amene ankathawa. Bwanamkubwa Louis Mouttet anasankha komiti yoti iunike phirilo. Munali mkulu wa asilikali a mizinga, katswiri wa mankhwala, injiniya ndi aphunzitsi awiri a pa sukulu ya sekondale ija, mmodzi wa iwo Gaston Landes, mphunzitsi wa sayansi wolemekezeka kwambiri. Panalibe ngakhale mmodzi amene anaphunzira za mapiri ophulika, ndipo nthawi imeneyo maphunziro oterowo anali akali akhanda padziko lonse. Iwo anaganiza motere: chiphalaphala ndi matope zimatsata zigwa, zigwa zochokera kukamwa kwa phiri zimatsikira kunyanja kumpoto kwa mzinda, choncho Saint-Pierre ndi wotetezeka. Pa 7 Meyi analengeza zimenezo. Tsiku lomwelo phiri la Soufrière pa chilumba cha Saint Vincent linaphulika n'kupha anthu pafupifupi 1,600, ndipo ambiri ku Saint-Pierre atamva kuti laphulika anapumira m'mwamba, poganiza kuti moto wa pansi wapeza potulukira kwina.

Anthu amenewa sanali achinyengo. Bwanamkubwa Mouttet anabwera yekha ku Saint-Pierre pa 7 Meyi pamodzi ndi mkazi wake kuti anthu aone kuti palibe choopsa, ndipo onse awiri anafera komweko. Landes nayenso anafa ndi mabala a moto. Kulakwa kwawo kunali kulankhula motsimikiza pamalo pamene nzeru zawo zinali zitathera. Mphunzitsi amazolowera kukhala ndi yankho, ndipo gulu likamuyang'ana m'maso zimamuvuta kunena kuti izi sindinazionepo, tiyeni tiyambe tachoka. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya: amene anthu amamukhulupirira ndiye ayenera kusenza manyazi a kuchenjeza, ngakhale mawa lake adzamuseke kuti anathamangitsa mzinda wonse pachabe.

Panali munthu mmodzi amene anaona bwino, ndipo anali mlendo. Marino Leboffe anali woyendetsa chombo cha ku Italy chotchedwa Orsolina, ndipo ankadziwa phiri la Vesuvius limene lili pafupi ndi mzinda wa Naples. Pa 7 Meyi anayang'ana utsi wa Pelée n'kulamula kuti asiye kulonga shuga, chombo chili ndi theka lokha la katundu. Akuluakulu a padoko anamuopseza ndi chilango chifukwa chonyamuka wopanda chilolezo, koma iye anawauza kuti Vesuvius akanaoneka chomwecho, iyeyo sakanagona ku Naples, ndipo anakweza nangula n'kupita. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, anatero makolo, koma kalumoko kamathandiza ngati eni mudzi alola kumetedwa. Ku Saint-Pierre anangomuona ngati wamantha wosadziwa za kumeneko.

Lachinayi, pa 8 Meyi

Linali tsiku la chikondwerero chokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu, ndipo anthu ambiri anali m'matchalitchi kapena akukonzekera kupitako. Cha m'ma 8 koloko m'mawa phiri linang'ambika ndi mkokomo waukulu. Chimene chinatuluka sichinali chiphalaphala chimene komiti ija inkayembekezera. Unali mtambo wakuda wa mpweya wotentha, phulusa ndi miyala yoyaka, wolemera kuposa mpweya wamba, kotero kuti m'malo mokwera kumwamba unakunkhunizika ndi phiri, kulumpha zigwa ndi zitunda, pa liwiro loposa sitima iliyonse ya pamtunda ya masiku amenewo. M'mphindi imodzi kapena ziwiri unali utafika mumzinda. Makoma okhuthala anagwa, migolo ya ramu inaphulika n'kumayenderera ikuyaka mpaka kunyanja, ndipo anthu anafa pamene anaima, ambiri chifukwa chopuma mpweya wamotowo. Sitima zimene zinali padoko zinapsa kapena kumira, kupatula ya ku Britain yotchedwa Roddam, imene inadzikoka mpaka ku chilumba cha Saint Lucia, woyendetsa wake ali ndi mabala oopsa ndipo ambiri mwa antchito ake atafa.

Mumzinda wonsewo opulumuka anali owerengeka pa zala. Mmodzi anali Léon Compère-Léandre, wosoka nsapato amene ankakhala kumalire a mzinda. Wina anali Louis-Auguste Cyparis, amene ena amamutcha Ludger Sylbaris, mkaidi amene anatsekeredwa m'chitokosi chamiyala chopanda zenera, chokhala ndi kabowo kakang'ono pachitseko. Anapsa kwambiri msana ndi miyendo, koma anamupeza wamoyo patapita masiku angapo. Pambuyo pake gulu la zionetsero la ku America la Barnum & Bailey linamutenga n'kumazungulira naye kuti anthu azilipira kuona zipsera zake, ndipo anamwalira ku Panama mu 1929.

Phirilo silinalekere pomwepo. Pa 20 Meyi mtambo wina unagwetsa makoma amene anatsala. Anthu a m'midzi yozungulira anathawira ku Fort-de-France, koma patapita miyezi iwiri kapena itatu boma, litatopa ndi kudyetsa othawa, linawakakamiza kubwerera kwawo. Pa 30 Ogasiti mtambo wamoto unatsikira mbali ina ya phiri, n'kupha anthu oposa 1,000 ku Morne-Rouge ndi midzi yoyandikana nayo. Apa palibe akananena kuti mtambo wotero sunkadziwika. Imfa za mu Meyi zinadza chifukwa chosadziwa, koma za mu Ogasiti zinadza chifukwa chofulumira kunena kuti zatha. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Mawu amene anagonera

Boma la France linatumiza katswiri wa miyala Alfred Lacroix kuti akafufuze. Iye anakhala miyezi yambiri akuyang'anitsitsa phirilo, anajambula mitambo ina imene inatsika pambuyo pake, ndipo anaitcha nuée ardente, kutanthauza mtambo woyaka, dzina limene akatswiri amaligwiritsabe ntchito. Anaonanso chodabwitsa china: chiphalaphala cholimba chija chinatuluka pakamwa pa phiri ngati chipilala chamwala, n'kukwera mpaka mamita oposa 300, chisanagumuke mu 1903. Kuyambira nthawi imeneyo anakhazikitsa malo olondera phirilo. Thomas Jaggar wa ku America, amene anaona mabwinja a Saint-Pierre mu 1902, anakhudzidwa kwambiri moti anapereka moyo wake ku ntchito imeneyi, ndipo mu 1912 anayambitsa malo olondera mapiri ophulika ku Hawaii.

Anthu anabwereranso m'tsinde mwa Pelée, pakuti nthaka yachonde siisiyidwa. Victor Depaz, amene abale ake onse anafa iye ali kusukulu ku Bordeaux, anabwerera mu 1917 n'kudzalanso nzimbe pamalo a makolo ake. Mu 1929 phiri linadzukanso, ndipo linapitiriza mpaka 1932. Ulendo uno panalibe makani. Anthu anasamutsidwa msanga, mitambo yoyaka inatsika kambirimbiri, koma inapeza nyumba zopanda anthu. Akuluakulu a 1929 anali ndi nkhani yosiyana ndi ya akuluakulu a 1902, ndipo mawu awo anapulumutsa ana awo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: anthu 28,000 aja ndiwo anasanduka makolo amene chenjezo lawo linamveka.

Masiku ano Saint-Pierre ndi tauni yaing'ono ya anthu pafupifupi 4,000, ndipo ulemerero wake wakale unasamukira ku Fort-de-France. Mlendo angathe kukwera masitepe a nyumba ya zisudzo ija, imene inatsala maziko okha, n'kusuzumira m'chitokosi cha Cyparis chimene chili pambali pake. M'nyumba yosungiramo zakale imene Frank Perret, katswiri wa ku America, anaitsegula mu 1933, muli belu lalikulu la tchalitchi lopindika ngati chitini chopondedwa, ndipo itakonzedwanso mu 2019 analembamo maina oposa 7,000 a omwalira amene anadziwika. Phirilo lameranso nkhalango yobiriwira, ndipo mu 2023 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chilengedwe ofunika padziko lonse. Makina oyeza kugwedezeka kwa nthaka amalimvetsera usana ndi usiku, ndipo mu Disembala 2020, atamva tizivomezi tambiri mkati mwake, akatswiri anakweza chenjezo kuti anthu akhale tcheru, osadikira kuti phulusa liyambe lagwa.

Mwambi wakuti tsoka silinunkha ukhalebe pamaliro, pamene ntchito yake ndi kupukuta misozi ya amene agwidwa ndi mphezi kapena matenda adzidzidzi. Koma usatengedwe kupita nawo pabwalo pamene anthu akukambirana zoti achite, chifukwa matsoka ambiri amayamba anunkha: mtsinje umasintha mtundu, khoma limachita mng'alu, phiri limalira usiku, odziwa zanyengo amalengeza pawailesi. Mdzukulu akadzaona zotere, amvere agogo ake, koma awafunsenso mwaulemu kuti zimene anaonazo zinali zaka zingati zapitazo, ndiponso ngati zinali zazikulu ngati zimenezi. Amvere wophunzira, koma ayang'ane ngati akunena zimene akudziwa kapena akungolimbitsa anthu mtima. Mlendo akanena zachilendo, asafulumire kumuseka. Ndipo akadzakhala iye mtsogoleri, adzakumbukire kuti osauka sachoka popanda wowakonzera njira. Leboffe anataya theka la shuga ndipo anatukwanidwa padoko, koma iye ndi antchito ake anapulumuka.